KUDWAZIKA MATENDA OSACHIRITSIKA

Mau amene anayankhula Mlembi wa Mvano pa tsiku la chikondwerero

 Tikuthokoza a komiti potipatsa nthawi iyi kuti tiyankhule m'malo mwa gulu lonse. Ife si anamwino kapena madokotala iai. Zimene tinene pano ndi zimene taona ndi maso athu m'makomo mwa anzathu, ndi zina zimene tinachita kufunsa kwa a chipatala amene amagwira ntchito imeneyi.

Lero ndi tsiku la chimwemwe. Taimba, tavina, ndipo miphika iri pa moto kuseriku. Tsono ena adabwa kuti nchifukwa ninji tasankha nkhani ya matenda pa tsiku lotere. Chifukwa chake ndi ichi. Pokonzekera chikondwererochi tinatsegula mabuku akale a maina, kuti tikumbukire amai amene anayamba ntchitoyi pa mpingo pano. M'mabukumo muli maina ambiri amene patsogolo pake tinalembapo kuti anamwalira. Pa maliro a amai onsewo tinagwira ntchito yotamandika. Tinasonkha ufa ndi nkhuni, tinaphika, tinagona pa siwa, tinaimba usiku wonse, ndipo tinawaperekeza ku manda titavala yunifolomu yathu. Pa nkhani ya maliro palibe angatinene. Koma titatseka mabuku aja tinafunsana funso limene linatisowetsa mtendere: miyezi ija anzathuwo anali gone pa mphasa, akubuula usana ndi usiku, ife tinawachitira chiani?

MNZATHU AMENE TINAMULEPHERA

Sititchula dzina lao, pakuti ana ao alipo, ndipo ena mwa inu mukukumbukira. Anali mai wa ana asanu, wolimbika pa khasu, ndipo ndiwo ankatiyambitsira nyimbo tikakhala pa ulendo. Anayamba kutaya magazi pa nthawi yosayenera, koma anabisa chaka chathunthu chifukwa cha manyazi. Pamene anapita ku chipatala anawauza kuti ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndi kuti yafalikira kale, sikutheka kuichotsa. Anabwerera ku mudzi ndi timapiritsi ta panado tokulunga m'kapepala.

Ife tinkapita kukawazonda pa tsiku la Mvano, titanyamula ufa, shuga ndi sopo. Mwezi woyamba tinkalowa m'nyumba ndi kukhala nao pa mkeka. Mwezi wachiwiri fungo linakula, ndipo a pabanja anawasamutsira m'kanyumba kophikira kuseri, pochita manyazi ndi alendo. Ife tinayamba kuthera pa khonde. Tinene zoona pamaso panu: tinkakweza mau poimba kuti tisamve kulira kwao. Tikatha pemphero tinkasuzumira pa khomo, nkunena kuti limbani mtima amai, basi nkumapita. Mwana wao wamkazi, amene anali mu Sitandade 7, analeka sukulu kuti azichapa nsanza ndi kutunga madzi. Bambo a m'nyumbamo anagulitsa mbuzi zonse ndi njinga yomwe kulipira asing'anga, chifukwa anthu anawauza kuti matenda otere ngochita kulodzedwa. Tsiku lina maiwo anatipepesa ife chifukwa cha fungo. Taganizani, wodwala kupepesa anthu abwinobwino! Anamwalira patapita miyezi inai, ali kukuwa ndi ululu mpaka tsiku lomaliza.

Nthawi imeneyo tinkakhulupirira kuti a chipatala akanena kuti matenda sangachiritsike, ndiye kuti chatsala nkudikira basi. Apa ndi pamene tinalakwa. Ululu uja unali ndi mankhwala ake. Fungo lija linali ndi mankhwala ake. Mwana uja akanapitiriza sukulu ife tikanagawana masiku odwazika. Matenda ena inde sachiritsika, koma palibe munthu amene sangathe kusamalidwa.

KODI HOSIPISI NCHIANI?

Ntchito yosamalira odwala otere iri ndi dzina lake. Azungu amati hosipisi, ndipo m'zipatala zathu mukafunsa kuti kwa a paliyetivu nkuti, adzakulozerani. Ndi chisamaliro cha munthu amene ali ndi matenda aakulu osachiritsika kapena oopseza moyo, monga khansa, sitiroko, matenda a mtima, a impso, a chiwindi, ndi Edzi ikafika povuta. Cholinga chake ndi kuchotsa ululu ndi zowawa zina, kuti masiku amene munthuyo ali nao awakhale ngati munthu, akudya, akugona tulo, akucheza ndi ana ake. Chisamalirochi sichifulumizitsa imfa, ndiponso sichikakamira zinthu zongozunza wodwala popanda phindu. Chimayang'ana wodwala pamodzi ndi banja lake lonse, ndipo sichithera pa tsiku la maliro.

Ku maiko ena hosipisi ndi nyumba yapadera yokhala ndi mabedi ake. Kuno kwathu odwala ambiri amasamalidwa pa khomo pao pomwe, a chipatala nkumawapatsa mankhwala ndi kuphunzitsa owadwazika. Ndiye kuti hosipisi ya ku mudzi imaima pa miyendo iwiri, a chipatala ndi anthu oyandikana nao, ndipo anthu oyandikana naowo ndife.

CHIYAMBI CHAKE

Ntchitoyi, monga tikuidziwa lero, inayamba ndi munthu wamkazi, Mai Cicely Saunders a ku England, amene anabadwa mu 1918. Poyamba anali namwino pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, koma msana unawavuta, nayamba ntchito yoona za umoyo wa odwala ndi mabanja ao. Ali pa ntchito imeneyo anadziwana ndi wodwala wina wa ku Poland, David Tasma, amene anali kufa ndi khansa mu mzinda wa London, kutali ndi kwao. Ankakambirana za malo amene munthu angatsirizikire mwa ulemu, ndipo pomwalira mu 1948 bamboyo anawasiyira mapaundi 500 kuti adzayambire. Mai Saunders anabwereranso ku sukulu ali aakulu kale, nakhala dokotala mu 1957. Anagwira ntchito ndi masisitere pa St Joseph's Hospice, ndipo mu 1967 anatsegula St Christopher's Hospice mu London momwemo. Kuchokera pa imfa ya bambo uja panapita zaka 19, koma sanataye mtima. Iwo eni anamwalirira m'nyumba yomweyo mu 2005.

Mu Africa muno hosipisi yoyamba inayamba mu 1979 mu mzinda umene lero ndi Harare ku Zimbabwe. Dzina lake ndi Island Hospice, ndipo anaiyambitsa ndi Mai Maureen Butterfield, mwana wao wamkazi atamwalira ndi khansa. Mu 1993 Dr Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda ku Kampala. Iwowa anabweretsa njira yotchipa yosungunula ufa wa mankhwala a mofini m'madzi, kuti wodwala azingomwa ali pa khomo pake popanda jekeseni. Anamwalira mu 2025 komweko ku Uganda.

Kuno ku Malaŵi ambiri tikukumbukira zaka zija Edzi inkatha anthu, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa mwaulere mu 2004. Mipingo ndi magulu a m'midzi ndiwo ankayendera odwala m'makomo, koma mankhwala enieni a ululu analibe. Mu 2002 pa chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre panayamba Umodzi, ntchito yosamalira ana odwala matenda otere, ndipo mu 2003 panayamba Tiyanjane ya anthu akuluakulu. Mu 2005 kunakhazikitsidwa bungwe la Palliative Care Association of Malawi. Ku Salima kuli Ndi Moyo, imene inatsegulidwa mu 2007 ndi Mai Lucy Finch, namwino wa kuno kwathu. Iwo akudwazika m'bale wao m'chipatala anamva msilikali wachinyamata akukuwa ndi ululu mpaka kumwalira, ndipo anatsimikiza mtima kuti zoterozo zisamachitikenso. Mu 2014 boma lathu linakhazikitsa ndondomeko ya chisamalirochi, ndipo chaka chomwecho msonkhano waukulu wa za umoyo wa maiko onse unagwirizana kuti dziko liri lonse lichiike m'zipatala zake. Lero zipatala zambiri za boma ndi za mishoni ziri ndi anthu amene anaphunzira ntchitoyi.

Mwaona nokha kuti pafupifupi onse amene tawatchulawa ndi amai. Ambiri a iwo anayamba chifukwa cha munthu mmodzi amene anamuona akuvutika.

ULULU WA MITUNDU INAI

Mai Saunders anaphunzitsa kuti ululu wa munthu wodwala kwambiri sukhala m'thupi mokha. Uli wa mitundu inai yolukana ngati chingwe. Woyamba ndi wa thupi: kubaya, kuotcha, kusanza, kubanika, zilonda. Wachiwiri ndi wa maganizo: mantha, mkwiyo, manyazi, ndi kudziona ngati katundu wolemetsa ena. Wachitatu ndi wa pabanja: ana adya chiani, munda alima ndani, fizi ichokera kuti, nanga ine ndikapita ana awa atsala ndi yani. Wachinai ndi wa mzimu: ndinalakwa chiani, kodi ndatayidwa, kodi amene ndinayambana nao andikhululukira.

Mai amene sakudziwa kumene ana ake adzapite sangagone tulo ngakhale mutampatsa mankhwala amphamvu chotani. Ndiponso munthu amene akukuwa ndi ululu wa thupi sangamve pemphero lanu ngakhale litakhala lokoma. Ife tinkathamangira wachinai tisanaone woyamba. Nchifukwa chake a hosipisi amagwira ntchito ngati gulu: namwino, dokotala, woona za mabanja, mtsogoleri wa chipembedzo cha wodwalayo, ndi anthu ongodzipereka a m'mudzi.

ZA MANKHWALA A ULULU

Mu 1986 bungwe la za umoyo pa dziko lonse linafalitsa njira yoperekera mankhwala a ululu wa khansa yonga makwerero a masitepe atatu. Pansi pali mankhwala ngati panado. Ululu ukapitirira amakwera pa mankhwala apakati. Ukakula ndithu amafika pa mofini. Malamulo ake ndi osavuta: wodwala amwe pakamwa ngati angathe, ndipo amwe pa nthawi yake osadikira kuti ululu uyambe wabwerera. Mofini wa madzi amamwa pa maola 4 ali onse, pa muyeso umene a chipatala alemba. Ululu uli ngati moto wa tchire, kuuzima udakali waung'ono nkosavuta.

Tikudziwa mantha amene alipo. Ena amati akakupatsa mofini ndiye kuti akufuna umalizike. Si zoona. Mofini woperekedwa ndi anthu ophunzira, pa muyeso wake, sapha munthu. Anthu amamwa miyezi yambiri akuyenda ndi kugwira tintchito tao. Ena amaopa kuti wodwala adzazolowera ngati chamba. Munthu amene akumwa chifukwa cha ululu weniweni, motsata malangizo, si kawirikawiri kugwa m'vuto limenelo. Chimene chimachitikadi ndi ichi: masiku oyamba wodwala amaodzera ndipo ena amachita mseru, koma zimenezi zimatha. Kudzimbidwa ndiko sikutha kokha, kotero a chipatala amapereka mankhwala ofewetsa m'mimba pamodzi ndi mofiniyo. Wodwala akamagona kopitirira muyeso kapena kusokonezeka mutu, dziwitsani a chipatala msanga.

Botolo la mofini likhale pobisika, kumene ana sangafike. Musagawireko munthu wina ngakhale akudandaula chotani, ndipo wotsala abwezedwe ku chipatala. Za fungo la zilonda za khansa, anamwino ali ndi njira yogwiritsa ntchito mapiritsi a Flagyl imene imachepetsa fungolo m'masiku owerengeka. Mapiritsi wamba amenewa akanawatulutsa anzathu aja m'kanyumba kophikira.

ANA

Tsono tinene za ana, pakuti apa ndi pamene mitima yathu imakana. Hosipisi yoyamba ya ana inatsegulidwa mu 1982 ku Oxford ku England, ndipo dzina lake ndi Helen House. Inayamba chifukwa cha kamtsikana kena, Helen, kamene kanadwala chotupa cha mu ubongo kali ndi zaka ziwiri, ndipo sikanachire. Sisitere wina wa mpingo wa Anglican, Frances Dominica, ankakatenga masiku owerengeka kuti makolo apumuleko. Nyumba yonseyo inabadwa kuchokera pa nzeru imeneyo, yakuti makolo odwazika mwana zaka ndi zaka amafunika kupuma.

Ana amene amafuna chisamalirochi ndi a khansa, a matenda a mtima ndi impso, a siko selo, a HIV, ndiponso aja amene ubongo wao unavulala pobadwa, amene sakhala tsonga kapena kudya okha. Ena mwa ana amenewa amakhala zaka zambiri. Tiri nao m'midzi mwathu, obisidwa m'nyumba, mai wao osapezeka ku msika kapena ku mapemphero chifukwa alibe womusiyira mwana.

Taphunzira zinthu zitatu. Choyamba, mwana amamva ululu monga wamkulu, ngakhale wakhanda. Mwana amene wangoti zii, osasewera, osafuna kukhudzidwa, kawirikawiri ali pa ululu waukulu. Mankhwala alipo, ndipo amayeza molingana ndi kulemera kwa mwanayo. Chachiwiri, mwana wodwala ndi mwanabe. Amafuna kusewera, kujambula, kumva nthano, ndi kuona anzake a ku sukulu. Chachitatu, ana amadziwa zambiri kuposa m'mene timaganizira. Akafunsa tisawanamize, tiwayankhe pang'onopang'ono molingana ndi msinkhu wao. Tisaiwalenso abale ake a wodwalayo. Iwo amaona makolo akulira, chakudya chikuchepa, koma palibe wowafotokozera, ndipo ena amaganiza kuti ndiwo analakwitsa.

Pano tichenjezane. Kulandira chisamaliro cha paliyetivu si kusiya mankhwala ochiza iai, ziwirizi zimayendera limodzi. Pali khansa ina ya ana yotchedwa Burkitt, imene imatupitsa nsagwada kapena mimba mofulumira kwambiri. Imeneyi imamva mankhwala, ndipo ana ambiri amachira akafika msanga ku chipatala chachikulu ndi kumaliza mankhwala onse. Mwana wotupa tsaya asachedwetsedwe ndi zotematema.

BANJA LA WODWALA

Matenda aakulu akalowa m'nyumba onse amadwala. Wodwazika, amene nthawi zambiri ndi mai kapena mtsikana, sagona, sadya bwino, salima, ndipo akadandaula anthu amati alibe chikondi. A hosipisi amamuwerengera iyeyu ngati wofunikanso chithandizo. Amamuphunzitsa kanyamulidwe ka wodwala kuti asathyoke msana, amamumvetsera, ndipo amaitana abale ena kuti agawane ntchito, amuna omwe.

Chinthu china chovuta ndi kunena zoona. Mwambo wathu timabisa, timati muchira posachedwa, pamene tonse tikudziwa. Wodwalayo naye amadziwa, koma amakhala chete kuti asatikhumudwitse, motero aliyense amalira payekha. A chipatala ophunzira ntchitoyi sakakamiza munthu kumva zimene sakufuna. Amayamba afunsa zimene iye akudziwa ndi zimene akufuna kudziwa, nkumuuza mofatsa. Banja likadziwa zoona limaleka kumwaza chuma poyendayenda, ndipo wodwala amapeza nthawi yoitana amene akufuna kuwaona, yokhululukirana, ndi yonena mau ake omaliza kwa ana.

Imeneyi ndi nthawinso yolemba wilo. Dziko lathu liri ndi lamulo la chaka cha 2011 la chuma cha masiye, limene limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Kulemba wilo si kuitana imfa. Taona tokha ana akugona pa nthaka mabedi atapita pa ngolo.

Maliro akatha, anthu onse akabalalika, ndi pamene chisoni chenicheni chimayamba. Wofedwa amafuna womuyendera pa mwezi wachitatu, wachisanu ndi chimodzi, ndi pa tsiku lokwanira chaka. Ana ofedwa nao apatsidwe mpata wolira ndi wofunsa, ndipo asungiridwe chithunzi kapena kanthu kena ka kholo lao.

ZIMENE MANJA ATHU ANGACHITE

Izi tinaphunzira kwa anamwino, ndipo mai aliyense angathe.

1. Wodwala wosatha kudzitembenuza timutembenuze pa maola 2 ali onse, kuti asachite zilonda pa msana, m'chiuno ndi pa zidendene. Pogona pakhale pouma ndi posalala.

2. Timusambitse, timudzoze mafuta, ndi kumutsuka m'kamwa tsiku liri lonse ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono. M'kamwa mukachita zilonda munthu amaleka kudya.

3. Pogwira magazi, mafinya kapena chimbudzi tivale magolovesi, akasowa tivale majumbo osabooka, ndipo tisambe m'manja ndi sopo.

4. Chakudya chikhale chofewa ndi chochepa, koma kawirikawiri: phala, nthochi, mbatata yopota, papaya, thobwa. Timudyetse atakhala tsonga kuti asatsamwe.

5. Masiku omaliza thupi limakana chakudya. Tisamukakamize, pakuti si njala imene ikumupha. Tingonyowetsa milomo ndi kansalu koyera.

6. Tisayankhule za bokosi ndi manda pambali pake. Munthu akhoza kumamvabe ngakhale sakuyankha. Timugwire dzanja ndi kumutchula dzina.

7. Tisunge chinsinsi. Zimene taona m'nyumba ya wodwala zisakafike ku mjigo kapena ku chigayo.

8. Tisapite khumi nthawi imodzi nkukhala maola atatu, eni nyumba nkumavutika kutiphikira. Awiri akwanira, mmodzi akhale ndi wodwala, wina achape kapena atunge madzi, wodwazika agoneko.

9. Wodwala wa mpingo wina kapena wa chipembedzo china timusamale chimodzimodzi, ndipo timuitanire atsogoleri ake akawafuna.

MNZATHU WACHIWIRI

Patapita zaka matenda omwe aja anagwiranso mnzathu wina. Ulendo uno tinasonkha ndalama ya galimoto, ndipo awiri mwa ife anawaperekeza kwa a paliyetivu. Anabwera ndi botolo la mofini, mankhwala a m'mimba ndi a fungo. Usiku wachiwiri anagona mpaka tambala, koyamba pa masabata ambiri. Tinalemba maina pa pepala, amai awiri tsiku liri lonse. Abambo a mpingo anawalimira munda. Mwana wao sanajombe ku sukulu, ndipo analemba mayeso mai ake ali moyo. Maiwo ankakhala pa khonde akusenda nandolo, natiseka ife kuti timaimba mothamanga. Anaitana alongo ao ndi a kuchimuna, nanena pamaso pa mboni za ana ndi za nyumba. Anakhala miyezi isanu ndi iwiri. Anatisiya usiku, m'chipinda chao, amuna ao atawagwira dzanja, awiri mwa ife tiri pomwepo.

Sitikunena kuti zonse zinali zosalala. Tsiku lina mankhwala anatha mtsinje utadzaza, ndipo ululu unabwerera masiku awiri. Ena mwa ife anatopa nasiya kubwera. Ndipo tinalira monga tinalirira poyamba paja, pakuti imfa ndi imfa. Koma ana a mai woyamba akakumbukira mai wao amakumbukira kukuwa, pamene ana a mai wachiwiri amakumbukira malangizo.

ZIMENE TIKUPEMPHA LERO

Mutu umodzi susenza denga. Tsono komiti ikuika pamaso panu zinthu zisanu, kuti tisabalalike tisanagwirizane.

Choyamba, tisankhe amai anai olimba mtima ndi osunga pakamwa, kuti tikapemphe a chipatala chathu awaphunzitse kasamalidwe ka odwala m'makomo.

Chachiwiri, tikhale ndi thumba lapadera la odwala, losiyana ndi la maliro, lolipirira ulendo wokatenga mankhwala asanathe, ndi logulira sopo, magolovesi ndi pulasitiki yoyala pogona. Msungichuma azipereka lipoti lake mwezi ndi mwezi.

Chachitatu, mai wotsogolera dera liri lonse alembe mabanja amene ali ndi wodwala wa nthawi yaitali, wamkulu kapena mwana, atapempha chilolezo kwa eni ake, kuti tigawane masiku.

Chachinai, tipite tonse kukayezetsa khomo la chiberekero, ndipo titengane. Kuyeza kwake nkwa mphindi zochepa, ndipo matendawa akapezeka koyambirira amachizika. Dziko lathu liri m'gulu la maiko amene khansa imeneyi imapha amai ambiri. Mu 2019 boma linayamba kupereka katemera woteteza atsikana ku kachilombo koyambitsa khansayi, kuyambira a zaka 9. Tisawabise ana athu. Mai aliyense wotaya magazi pa nthawi yosayenera, makamaka amene anasiya kale kusamba, asadikire chaka monga anachitira anzathu aja.

Chachisanu, Loweruka lachiwiri la mwezi wa Okutobala ndi tsiku limene maiko amakumbukira ntchito ya hosipisi. Tikupempha kuti chaka chiri chonse tsiku limenelo tizipita kukayendera odwala ndi ofedwa a m'dera lathu, ndipo abambo ndi achinyamata apite nafe atanyamula makasu ndi nkhwangwa.

Amai anzathu, buku la maina lija likadali lotsegula, ndipo maina athu ali momwemo. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe. Amene akufuna kukhala m'gulu la oyamba kuphunzira aonane ndi amai a pampando tikatha kudya, tiwalembe lero lomwe.